Apongozi Anga M'dengu la Baluni

Lolemba, 9 Sepitembala

Kutera kwa 411. Bwinobwino, m'munda wa udzu kuseri kwa Cullinan. Dengu silinapendeke n'komwe. Alendo asanu ndi atatu, onse atsika mano ali panja.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuthamangitsa baluni, ndipo palibe munthu amene anathyokapo ngakhale chala ine ndili pansi. Ndikulemba kuti zidziwike, poti kunyumba kuno palibe wondiombera m'manja. Inde, amene amayendetsa kumwambako ndi a Mokgadi. Koma wodziwa kuti geti la famu iti lili ndi loko, galu wa mwini munda uti amaluma, mawaya a magetsi abisala kuseri kwa mitengo iti, ndi ine Swaibu. Ndinabwera ku Joni kudzadulira maluwa ku Waterkloof. Lero ndimayenda ndi wailesi m'manja, ndipo anyamata othamangitsa nawo baluni, Gilbert ndi Robert, amamvera ine.

Apongozi atha masabata awiri ali kuno. Anabwera kudzathandiza mkazi wanga Sofia ndi khanda, Rehana wathu. Zipinda ndi ziwiri zokha kuno ku Nellmapius, ndiye mwambo wa kwathu ku Machinga ukundidyetsera panja. Akalowa iwo, ine ndituluke. Sindiwayang'ana kumaso, sindiwalankhula mwachindunji, kuwakhudza ndiye ayi ndithu. Ndimadyera pa kireti pafupi ndi mpopi. Neba wathu, wa mtundu wa Apedi, akuyesa ndinapitikitsidwa m'nyumba.

Iwo anapeza njira yawo. Amalankhula ndi mwana. Lero akuti, "Rehana, uwafunse abambo ako ngati chithumba chawo chija chagwidwa." Mwana wa masabata asanu ndi awiri! Sofia kuseka. Ine ndayankha khoma kuti chagwidwa.

Chithumba. Chabwino.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Sitinauluke. Tinaponya kabaluni kakang'ono koyesera mphepo, kanathawa chopingasa ngati kakuthamangitsidwa. A Mokgadi anangoti tipakire. Ndimawalemekeza pa chimenechi, saopa kubweza alendo.

Tinaswera ku shedi ku Silverton, kuyendera zingwe ndi kudzaza gasi. Ndipamene a Mokgadi anandiuza kuti Loweruka kwatsala malo amodzi m'dengu. Aliyense wa ife amapatsidwa malo amodzi pachaka, a wachibale. Anga ndinkasungira Sofia, koma ndi bere lija kenako khanda, zakanika.

Ndimamuuza Sofia chapansipansi pakhomo. Kuseri kwa katani kunamveka mawu: "Rehana, uwauze kuti ndikwera ine. Ndikaone chimene amadzukira m'bandakucha."

Ndisaname, ndakondwa. Mayi ameneyu wagulitsa mpunga ndi usipa pa Liwonde zaka makumi atatu, ndipo sanaonepo chondiyamikira. Kumudzi anauza anthu kuti mkamwini wawo amathamangitsa nsalu m'tchire la azungu. Akwere. Akaone nsaluyo.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Ndinawaperekeza kutauni, apongozi ndi Sofia, kukagula mabulangeti opita nawo kumudzi. Ine ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala, iwo kumbuyo.

Pobwerera, takisi isanaime bwinobwino, ndinangomva chitseko khwee. Kucheuka, apongozi ali kale pansi, chikwama kukhwapa, akukonza chitenje. Dalaivala anakalipa m'Chipedi mpaka malovu. Iwo osatekeseka. Anangouza mwana kumsana kwa Sofia kuti, "Wochedwa kutsika matola amapeza katundu wake atatsika ndi ena."

Sofia anaseka. Ine sindinaseke.

Anthu amaopa kukwera, koma kumwamba kulibe choopsa. Choopsa chili potera. Baluni ilibe mabuleki. Dengu likakhudza pansi, chinthu chija chimakhala chikadali chamoyo, mpweya wotentha uli thoo m'kati. Munthu mmodzi akatsika msanga, dengu limapepuka n'kunyamukanso ndi otsalawo. Kapena mphepo ikankhe, dengu ligwe cham'mbali n'kuyamba kukhwekhwereka. Amene ali m'kati atanjuta, sapwetekeka, amangoseka. Koma mwendo umene uli kunja, dengu la anthu asanu ndi anayi ndi mabotolo a gasi likaugonera, si mwendonso.

Ndiye amene akukwera Loweruka ndi munthu amene sanadikirepo galimoto kuti iime chibadwire.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Kutera kwa 412. Kunali kamphepo, dengu linadumpha kawiri n'kukhala. Ndinafika pamalopo baluni isanafike, monga mwa masiku onse. A Mokgadi anati ndimanunkhiza mphepo ngati galu wosaka. Ndaziwerengera ngati chiyamikiro.

Pobwerera mu baki, galimoto yathu yonyamulira baluni, ndinawauza anyamata za apongozi ndi takisi ija. Gilbert, mkhristu wa ku Ntcheu uja, akuti, "Eish, achimwene, ingowauzani nokha straight. Kwathunso timawathawa apongozi, koma kuno ndi ku Joni. Manyazi anapha lambe." Ndinamuyankha kuti ine ndinaleredwa. Zaka zinayi m'banja, sindinawalankhulepo mwachindunji ngakhale moni, ndiyambe lero, ndiponso ndiyambe ndi kuwalamula?

Madzulo ndinamukhazika Sofia pa kireti. Ndinamupatsa malamulo atatu, kuwerenga ndi zala. Choyamba, akamva kuti tikutera, anjute, msana ulozetse kumene baluni ikupita. Chachiwiri, agwire tizingwe togwirira tili m'kati mwa dengu, manja onse, osati m'mphepete. Chachitatu, asatsike. Ngakhale dengu liime, ngakhale aone ena akuseka, asatsike mpaka a Mokgadi anene. Ndinamubwerezetsa kawiri.

Analowa. Ndinatchera khutu pakhoma koma mawu anali otsika. Atatuluka ndinamufunsa, wawauza? Akuti ndawauza.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Kutera kwa 413, kenako kumzikiti.

Ndinapeza apongozi akusita chitenje chawo cha paukwati ndi duku lobiriwira. Mtima sunakhazikike, ndiye ndinaima pakhomo, maso pa Rehana, n'kuyesa njira yawo yomwe. "Rehana, uwauze agogo kuti mawa avale nsapato zotseka, ndi buluku la amayi ako m'kati mwa chitenje, poti polowa m'dengu amachita kukwera."

Yankho: "Uwauze ndamva."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene lamulo lachitatu lija. Za nsapato ndi uthenga chabe, koma kunena kuti asatsike mpaka auzidwe kukumveka ngati ndikulangiza kamwana. Ndinameza. Paja Sofia wanena kale.

Ndatsuka ovolosi yanga yatsopano, ya dzina pachifuwa. Mawa andione bwino.

Loweruka, 14 Sepitembala

Kutera kwa 414. Palibe wovulala kupatula mawondo anga. Ndikulemba masana ano, ndakhala panja.

Ndiyambe ndi zabwino, poti zinalipo. Tinafika kobwalo kukuyamba kufiira kum'mawa. Sofia ndi mwana anabwera nawo, a Mokgadi analola kuti akhale kumbuyo mu baki. Titayala nsalu pa udzu n'kuyatsa chikupizira, ndinaba diso kuyang'ana apongozi. Nsalu ija kufufuma, kufufuma, mpaka kuposa mzikiti wa pa Liwonde. Moto utabangula koyamba, alendo awiri analumpha. Iwo osaphethira, koma kukamwa kunali yasa. Ndinamva kukoma.

Ataona kuti woyendetsa ndi mzimayi, anafunsa Sofia ngati ali pabanja.

A Mokgadi anafotokoza malamulo m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, Sofia akunong'oneza mayi ake. Ine ndinali kutali, nditagwira chingwe cha kumutu kwa baluni. Ndinawaona apongozi akuyeserera kunjuta, ndipo ananjuta bwino kuposa onse. A Mokgadi anandikuwira kufunsa ngati gogo amva zonse. Ndinakweza chala kuti amva. Chala changa chomwechi.

Gilbert ndiye anawagwira dzanja polowa. Ananyamuka phee, duku lobiriwira likuchepa, likuchepa.

Tinawatsatira pa msewu wa fumbi, Robert akuyendetsa. Pa wailesi a Mokgadi akuti, "Swaibu, gogo wako akundiwerengera mbidzi, wafika pa khumi ndi ziwiri." Sofia misozi m'maso. Ine chifuwa kutukumuka.

Patatha mphindi makumi anayi ndinaona zizindikiro. Utsi wa pa famu ina, umene poyamba unkakwera chilili, unayamba kugona. Nsonga za bulugama kugwedera. Mphepo yadzuka msanga. Ndinawauza a Mokgadi, iwo anati aona kale, akufuna munda wa chimanga wokolola kale uja, wa mkulu wa ndevu amene amatisiyira kiyi pansi pa mwala. Ndinawachenjeza za waya. Pali waya umodzi wamagetsi, woonda, umadutsa kuseri kwa bulugama, ndipo dzuwa likakhala kumaso suoneka uli kumwamba. Ine ndimaudziwa chifukwa ndinauyendera wapansi chaka chatha. Anati sakuuona. Ndinati yatsani moto tsopano. Anayatsa. Dengu linadutsa pamwamba pake bwinobwino, ndipo pa wailesi panamveka mawu amodzi okha, zikomo.

Koma kudumpha wayawo kunadya theka la munda. Anayenera kutsika mwamsanga, kutsogolo kuli mpanda wa waya waminga. Tinasiya baki pageti n'kuthamanga. Dengu linamenya pansi, kudumpha. Linamenyanso, kudumpha pang'ono. Kachitatu linakhala. Mphepo inangoti zii.

Kamphindi kameneko ndi kabodza, ndimakadziwa. Nsalu inali ikadali chiimire, yodzaza. A Mokgadi manja onse ali pa chingwe chofiira chotulutsira mpweya, akukoka ndi thupi lonse. Ine ndinali ngati mapazi makumi awiri. Ndipamene ndinaona nsapato yoyera ija, imene apongozi anabwereka kwa Sofia, ikutulukira pamwamba pa dengu. Kenako bondo. Kenako duku lobiriwira. Ndipo amatulukira mbali yomwe dengu limagwera.

A Mokgadi kukuwa m'Chingerezi, osatha kusiya chingwe. Apongozi osamva kanthu. Kumbuyo kwawo ndinaona mapesi akugona motsatizana, fumbi likubwera. Mphepo.

Sindinaganize, ndinangothamanga. Ndinamva mawu anga akutuluka: "Bwerera m'kati! Khala pansi!" Ngati ndikukalipira mbuzi. Ndinawagwira mkono ndi dzanja limodzi, linalo pa phewa, n'kuwakankhira m'kati ndi mphamvu zanga zonse. Anagwera pa mzimayi wina wachizungu. Ndinakankhanso mwendo uja kuti ulowe. Pompo mphepo inafika.

Ndinalumphira pangodya n'kukangamira kuti ndiwonjezere kulemera. Linandikoka chogwada pa ziputu za chimanga. Mapazi atachoka pansi ndinataya, poti lamulo limene ndimaphunzitsa anzanga ndi lomwelo, mapazi akanyamuka usiye. Dengu linagwa cham'mbali, ndendende pamene panali mwendo uja, n'kukhwekhwereka kufupi ndi mpanda. Linaima. Nsalu inagona.

Alendo ali chagada m'dengu, kuseka, kujambulana. A Mokgadi atanena kuti tsopano tulukani, anakwawa mmodzimmodzi. Apongozi anatuluka omaliza, mutu uli pamtunda, imvi zonse poyera. Duku ndinalipeza ine m'fumbi. Ndinaimirira nalo ngati chitsiru. Munthu amene ndangomukankha kumene, kumupatsa duku m'manja kunandikanika. Ndinapatsa Sofia.

Pa zakumwa za pambuyo pa ulendo, a Mokgadi anaimitsa onse. Anawauza za waya, anawauza za mwendo, n'kunena kuti ichi n'chifukwa chake sauluka popanda bambo uyu. Anthu kuomba m'manja. Mkulu wina anandigwira chanza ndi manja awiri. Tsiku limene ndakhala ndikulilota, kuyamikiridwa apongozi akuona, lafika. Iwo anali atakhala mu baki, akuyang'ana kumbali.

Njira yonse yobwerera sanalankhule, ngakhale kwa Rehana.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Sindinapite kuntchito, mawondo atupa. Sofia wachotsamo tizitsotso ta mapesi ndi singano.

M'nyumba muli zii. Apongozi amwa tiyi yekha, chakudya abweza.

Sofia anabwera pa kireti n'kuulula yekha. Lamulo lachitatu lija sanalinene momwe ndinamuuzira. Anawauza kuti, "Akuti mukafika pansi musafulumire kwambiri." Ndinafunsa chifukwa. Akuti, "Ndikanawauza bwanji mayi anga kuti mkamwini wawo akuti asatsike mpaka alamulidwe? Ndinafewetsa." Dzulo pobwalo anafewetsanso chimodzimodzi.

Ndinafuna kukalipa. Koma ndimukalipire chiyani, poti ine ndemwe ndinameza mawu omwewo Lachisanu? Tonse tinachita ulemu. Ulemu wathuwo unangotsala pang'ono kuwadula mwendo.

Akuti pamkono pawo pali zala zanga zinayi, zikuoneka bwinobwino. Ndachita manyazi. Koma ndikatseka maso ndikuona dengu likugwa pamalo paja popanda kanthu pansi pake, ndipo pamenepo sindipepesa. Ndinafika pa nthawi yake. Wina aliyense akanachedwa.

Lolemba, 16 Sepitembala

Ku shedi, ndikutsimphina. A Mokgadi amalemba lipoti la Loweruka, ndiye anandifunsa kuti zinatheka bwanji gogo osadziwa. Ndikanatha kunamizira chilankhulo. Ndinawauza zoona, za mwambo, za kulankhulira mwa mwana, za chala chimene ndinakweza. Anati nawonso kwawo ziliko zoterozo, koma mphepo sidziwa apongozi. Anati iwonso analakwa kukhulupirira chala.

Lamulo latsopano: mlendo wosamva Chingerezi azibwereza yekha malamulo ndi pakamwa pake asanakwere. Ndipo akakhala wa kwathu, wofotokoza ndi ine, maso ndi maso. Alilemba pakhoma. Gilbert akulitcha lamulo la apongozi. Anayamba kunena za lambe uja, ndinamuponyera gulovu.

Kunyumba ndinapeza apongozi ali kuseri kwa chimbudzi, pamene netiweki imagwira, akuyankhula pafoni ndi achimwene awo a Mohammed, amalume ake a Sofia, eni mbumba. Ndinangomvako zidutswa. Dzina langa. "Anandigwira." "Pamaso pa anthu." Ndinabwerera msanga kuti asandione.

A Mohammed ndi amene anandilandira pa ukwati. Akaimba kuti mkamwini wanyoza, nkhani yake si yaing'ono. Ndamufunsa Sofia kuti ndipepese bwanji, ndigule nsalu kapena nditume munthu. Akuti dikirani. Foni ndaiika pafupi, sinalire.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Kutera kwa 415, ndili mu baki, othamanga anali anyamata. A Mohammed sanaimbe. Apongozi adya, koma uthenga kwa Rehana palibe. Ovolosi yanga yong'ambika mawondo ija yasowa pachingwe. Ngati aba, aba chosavalika.

Lachitatu, 18 Sepitembala

Sitinauluke, mphepo. Ndinabwerako dzuwa likadali pamutu, Sofia atapita ndi mwana kusikelo.

Ndinazindikira nditafika pakhomo kuti m'nyumba muli iwo okha. Popanda Sofia, popanda Rehana, palibe wotumidwa. Ndinakhala pa kireti yanga, msana kulozetsa kukhomo, n'kuyamba kupukuta wailesi yosada n'komwe.

Ndinamva mapazi. Ndinadzuka kuti ndipatuke, ndipite kuseri. Mawu anati, "Khalani pansi."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna amene akuuzidwa. Panalibe wina. Ndinakhala.

Anakoka kireti inayo, imene amakhalira Sofia, n'kuiika patsogolo panga. Osati pambali, patsogolo. M'manja anali ndi ovolosi ija. Mawondo onse awiri asokedwa zigamba zochindikala, ulusi wake wothinana ngati wa pa thumba la mpunga. Sanaiike pansi kuti nditole. Anaitambasula m'manja mwawo n'kudikira. Ndinalandira ndi manja awiri, maso ali pa nsapato zanga.

Anati awauza a Mohammed zonse. Anati awauza kuti mkamwini anawagwira pamaso pa anthu, anawakalipira ngati mwana, ndipo ndi chifukwa chake adzatsike basi pa Liwonde ndi miyendo iwiri. A Mohammed akuti anafunsa ngati pali mlandu. Iwo anayankha kuti mlandu ulipo, koma ndi wa amene anawabisira lamulo.

"Ine ndine wa malonda," anatero. "Ukandiuza mtengo weniweni sindikwiya. Ndimakwiya ukandibisira."

Ndinati pepani amayi. Mawu anga oyamba kwa iwo m'zaka zinayi, kupatula a Loweruka aja.

Anakweza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Kenako anasendeza kireti pafupi. "Tsopano tandiuzani. Chingwe chofiira chimene ankakoka mayi uja, chimatsegula chiyani? Nanga waya uja, inu munauona bwanji muli pansi, ife tili pamwamba osauona?"

Ndinayamba kufotokozera nsapato zanga. Koma za chingwe chofiira sizimveka popanda manja, umayenera kuonetsa mmene pamwamba pamatsegukira. Ndinakweza manja, maso anatsatira okha. Ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere. Zaka zinayi, sindinkadziwa.

Sofia anatipeza tili pakati pa nkhani ya mphepo ya m'mawa. Anaima pageti, mwana kumsana, osalowa. Apongozi osacheuka n'komwe. Anati, "Pitirizani, bambo a Rehana. Ndiye utsi ukagona mumatani?"